Kamera ya mwana ikhale yoti ikagwa, mtima wanu usagwe nayo

Kwa zaka zambiri, chithunzi chokhacho cha amayi anga chimene chinali m'nyumba mwathu chinali cha pa reji, chitupa chija cha boma. Kankhope kakang'ono, maso ali tong'o ngati munthu amene amudzidzimutsa, milomo atatseka zolimba. Amene anawajambula sankawadziwa, komanso analibe nthawi yowadziwa, pakuti kumbuyo kwawo kunali mzere wa anthu ena odikira. Aliyense amene anachezapo ndi amayi ngakhale tsiku limodzi angakuuzeni kuti munthu ali pa rejiyo si iwo ayi. Amayi ndi munthu woseka mpaka misozi.

Chithunzi chimene chinawagwira mmene alilidi anajambula ndi mwana wa zaka 7, mwana wamkazi wa mlongo wanga, titapita kumudzi cha ku Katete nthawi yokolola. Nkhope mulibemo n'komwe. Muli manja okha, akuswa nshawa za Chalimbana pa lichero, zala zokhota ndi khasu, makoko ali mbwee pa chitenje. Mlongo wanga atachiona anakhala duu nthawi yaitali. Ndikanakhala ine ndi kamera tsiku limenelo, ndikanawauza amayi kuti aimirire, asambe m'manja, amange duku latsopano, ayang'ane kuno. Mwanayo sanawauze kanthu. Msinkhu wake umalekezera pamene pali manja a ambuya ake, ndipo manja amenewo ndi amene amamuomolera nsima, ndiye anajambula chimene amachidziwa.

Chichokereni pamenepo, anzanga angapo muno mu Chipata akhala akundifunsa kuti mwana angamugulire kamera yotani, nanga angamuphunzitse bwanji. Ndimawayankha zomwezomwezo. Ikhale kamera yeniyeni, yogwirapo kale ntchito, yotsika mtengo, yoti ikagwa pansi mtima wanu usagwe nayo. Isakhale foni. Ndipo mukamupatsa, phunziro loyamba si la batani ayi, ndi la odi.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ife a kuno kum'mawa tajambulidwa kwambiri koma tajambula pang'ono. Chaka ndi chaka alendo amadutsa muno mu Chipata, ena amatsikira pa bwalo la ndege ku Mfuwe, atakoleka m'khosi makamera aatali ngati munsi, kupita ku South Luangwa kukajambula anyalugwe, mvuu ndi nyamalikiti zija za Thornicroft zimene sizipezeka kwina kulikonse koma m'chigwa cha Luangwa. Sindikuwada, amabweretsa ndalama ndipo abale athu ambiri amadyera pomwepo. Koma taonani zimene zimachitika galimoto lawo likaima pa msewu. Ana athu amathamangira, kukuwa kuti "Nikopeniko! Nikopeniko!" Wina amawakopadi, galimoto n'kunyamuka, ndipo chithunzicho anawo sadzachiona mpaka kalekale. A mabungwe nawo akabwera ndi thandizo amafuna mwana wa malaya ong'ambika. Andale amafuna mwana woombera m'manja. Mwana wa kuno amakula akudziwa kuti malo ake ndi kutsogolo kwa kamera, kuima pamene amuimika, kumwetulira pamene amuuza. Ine ndikufuna adziwenso kuti angaime kumbuyo kwake, n'kusankha yekha chimene chili choyenera kusungidwa.

Kupatsa mwana kamera si fashoni ya dzulo. M'chaka cha 1900 kampani ya Kodak ku America inatulutsa kamera yotchedwa Brownie, kabokosi ka katoni kogulitsidwa dola imodzi, ndipo ankaitsatsa makamaka kwa ana. Mu 1930, pokondwerera zaka 50, kampani yomweyo inagawa ulere makamera okwana theka la miliyoni kwa ana amene ankakwanitsa zaka 12 chaka chimenecho. Ankadziwa kuti adzagulitsa filimu, n'zoona, koma mbadwo wonse wa ana unakula ukujambula makolo awo, agalu awo ndi misewu yawo. Kwathu kuno ku Africa nkhani imene ndimaikonda ndi ya Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Mu 1935 ali mnyamata, mbale wa makolo ake pobwerera ku ulendo wa ku Senegal anamupatsa Brownie yokhala ndi filimu ya zithunzi 8 zokha. Mu 1948 mnyamata uja anatsegula situdiyo yake, ndipo lero zithunzi zimene anajambula anthu wamba a ku Bamako, amayi atavala nsalu zawo, anyamata atatsamira njinga ndi wayilesi, zimapachikidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso pa dziko lonse. Zithunzi 8 zijazi muzikumbukire, ndibwereranso kwa izo.

Tsono funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, bwanji osangomupatsa foni, poti foni ili kale ndi kamera, ndipo mafoni ena amajambula bwino kuposa kakamera kakale? Kujambula bwinoko sindikukana. Vuto ndi lakuti foni si kamera yokha. Mwana ajambula nkhuku kamodzi, kawiri, kenaka chala chiterereka, wapezeka ali pa makatuni, ndipo nkhuku ija yaiwalika. Kamera imatumiza maso a mwana kunja, kwa anthu, ku mitengo, ku mapiri azungulira tauni yathuwa. Foni imabweza maso ake m'manja mwake momwemo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi pa tsiku atakhala pansi kuyang'ana sikirini, ndipo kholo lililonse limene linayesapo kulanda foni kwa mwana wa zaka 6 likudziwa kuti nkhondoyo sithera pa zaka 4.

Chinanso, foni ndi yanu. Muli ndalama zanu za mobile money, muli mauthenga a kuntchito, muli manambala a anthu. Mukamubwereka mwana mumakhala pambuyo pake ngati kabawi, "gwira bwino, bwera nayo, basi yakwana." Munthu saphunzira kuona pamene wina akumupumira m'khosi. Ndipo foni ili pa intaneti: chithunzi chimene mwana wajambula mng'ono wake akusamba m'beseni chingapezeke pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi m'kuphethira kwa diso, osati mwa mwano, koma chifukwa chala chakhudza pamene sichinayenere. Ngati m'nyumba mulibiretu njira ina, pezani foni yakale, chotsani simu, fufutani masewera onse, isiyeni yopanda intaneti, ndipo muitchule kuti kamera. Koma imeneyo ndi njira yachiwiri.

Makamera a zidole aja, a pinki ndi abuluu okhala ndi makutu a kalulu, amene adzaza m'masitolo nthawi ya Khirisimasi, ambiri mwa iwo ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa katoni amalemba manambala akuluakulu, koma chithunzi chimatuluka ngati mwajambula kudzera m'madzi otsukira mbale, ndipo m'katimo amaikamonso timasewera. Mwana si wopusa. Akaona kuti nkhope ya amake yatuluka ngati mtambo, amadziwa kuti mwamupatsa chidole, ndipo amachisamala ngati chidole. Kwa mwana wa zaka 3 kapena 4 amene akungofuna kutengera akulu, chabwino. Wa zaka 6 kupita m'tsogolo ayenera chida chenicheni, monga mmene kumudzi timamusulira kakhasu kakang'ono koma kolima ndithu. Makamera otulutsa chithunzi pompopompo, ngati Instax ya Fujifilm, ndi okoma, ana amawakonda, koma paketi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 10 zokha ndipo ikatha muyenera kugulanso. Thumba la munthu wamba silingapirire.

Imene ndimalimbikitsa ndi kakamera ka m'thumba kamene kanali paliponse mafoni asanalande malo: Canon PowerShot, Nikon Coolpix, Sony Cyber-shot, Panasonic Lumix ndi anzake. Tambiri tikungogona m'madirowa a m'nyumba ndi m'maofesi. Musanapite ku msika yambani mwafunsa abale, makamaka aja anagwirapo ntchito m'mabungwe kapena ali ku Lusaka. Yathu ndinaipeza kwa munthu wina wokonza mawayilesi ndi mafoni pafupi ndi msika wa Kapata, pa mtengo wosafika wa nsapato za kusukulu mapeya awiri. Musatengeke ndi nkhani ya ma megapixel, manambala aja osonyeza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Kuti mutsukitse chithunzi cha saizi wamba ija ya mainchesi 6 kwa 4, chooneka bwinobwino, pamafunika ma megapixel awiri okha ndi pang'ono. Kamera ya 7, ya 10 kapena ya 12 yapitirira kale zimene mwana akufuna.

Zofunika kuyang'ana ndi zina. Yatsani ndi kuzimitsa kangapo, mumvetsere ngati galasi likutuluka ndi kubwerera mosakukuta, chifukwa matenda aakulu a timakamera timeneti ndi mchenga wolowa m'mphepete mwa galasi. Unikani galasilo ndi tochi muone ngati m'kati mulibe timizere tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku chobwera ndi chinyontho. Tsegulani kachitseko ka mabatire, ngati muli zoyera zonga mchere ndiye kuti mabatire anavundiramo. Jambulani khoma loyera kapena thambo, muone ngati simukutuluka madontho. Funsaninso kuti imadya khadi yanji. Ya SD imapezeka paliponse, koma makamera ena akale a Sony amafuna Memory Stick, ena a Olympus ndi Fujifilm amafuna xD, ndipo makhadi amenewo mudzatha nsapato kuwafunafuna. Makamera akale kwambiri amakananso khadi yopitirira 2GB.

Pa mabatire ndiye pamene ndimaumirira. Ngati mungathe, sankhani yodya mabatire a AA, monga ma PowerShot ambiri a mtundu wa A ndi ma Coolpix a mtundu wa L. Kamera yokhala ndi batire lakelake imakhala yopyapyala ndi yokongola, koma batirelo likafa kapena chaja ikasowa, kamera yonse yafa. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, mmene malaiti ankasowera usana ndi usiku. Mabatire a AA mungawapeze pa kantemba kalikonse, ku Chadiza, ku Sinda, ku Lundazi. Kungoti aja otchipa a mu wayilesi kamera imawayamwa nthawi yochepa, ndiye ndi bwino kugula ochajanso anayi, awiri ali m'kamera, awiri akudikira. Pomaliza pezani kachingwe kolimba kokoleka pa dzanja, ndi sokosi yakale yosungiramo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba fumbi la kuno silikhululuka.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akupukusa mutu. Fetereza wakwera, unga wakwera, yunifomu ikufunika, ndiye munthu azikamba za kamera ya mwana? Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo sindingaipeputse. Ngati kusankha kuli pakati pa kamera ndi chakudya, palibe chokambirana. Koma m'mabanja ambiri amene ndikuwadziwa kusankha sikuli pamenepo. Kuli pakati pa kamera ndi kagalimoto ka mabatire kothyoka sabata isanathe, kapena keke yaikulu ya tsiku lobadwa, kapena mabandulo oonetsera mwana makatuni mwezi ndi mwezi. Ndiponso kamera siyenera kukhala ya mwana mmodzi. Imodzi ingazungulire ana a mbumba yonse, uyu Loweruka lino, uyo Loweruka linalo. Ingakhale ya kalasi, ya Sande sukulu. Kwa Achewa, atsibweni ndiye mwini mbumba, ndipo ine ndinaona kuti udindo umenewo suyenera kuonekera pa milandu ndi pa maukwati pokha. Paja amene anapatsa Keïta kamera sanali bambo ake omubala.

Ena amafunsa ngati kujambula kudzamudyetse mwanayo. Kungamudyetse. Palibe ukwati, kitchen party kapena mwambo womaliza maphunziro muno mu Chipata umene umachitika popanda wojambula, ndipo malo ogona alendo ku Mfuwe amafuna zithunzi nthawi zonse. Koma kunena zoona, si chifukwa chake ndinagula. Mwana wa zaka 7 sitimuphunzitsa kuimba kuti adzakhale wa bandi.

Kuphunzitsa kwake n'kosavuta kusiyana ndi mmene anthu amaganizira, bola wamkulu adziwe kutseka pakamwa. Tsiku loyamba, mwana wa mlongo wanga uja ndinamuonetsa zinthu zitatu basi. Chingwe pa dzanja kamera isanayatsidwe. Manja onse awiri, zigongono zitatsamira nthiti, kuti chithunzi chisagwedezeke. Ndipo batani salidinya ngati akupha nsikidzi: amayamba walikhudza pang'ono, kamera ilire kapena ionetse kabokosi kobiriwira kusonyeza kuti yaona chimene akufuna, kenaka n'kumaliza. Ndinazimitsa fulashi, ndinamuletsa zoom, ndinati ukafuna chinthu chikule, yenda ndi miyendo yako upite pafupi. Ndinamuchenjezanso kuti asalozetse kamera pa dzuwa. Za malamulo a kakonzedwe ka chithunzi amene amaphunzitsa m'makoleji sindinatchule ngakhale limodzi, ndipo mpaka lero sindinatchule.

Chimene tinachedwapo ndi kuwala, chifukwa apa pali nkhani yathu ife anthu akuda. Kamera imayeza kuwala konse kumene ikuona n'kufunafuna pakati. Mukaimika munthu wakhungu lakuda kumbuyo kwake kuli thambo lowala la mu Okutobala kapena khoma la laimu, kamera imachepetsa kuwala kuti thambo lioneke bwino, nkhope ya munthuyo n'kusanduka mthunzi, kutsala mano ndi maso. Si vuto la khungu lathu. Kwa zaka zambiri makina otsukira zithunzi za mitundu ankawachuna poyang'ana chithunzi cha mkazi wachizungu, ndipo ambirife tili nawo maalubamu a makolo athu momwe nkhope sizioneka. Mwanayu sindinamufotokozere mbiri yonseyi. Ndinangomutenga masana dzuwa lili paliwombo, n'kuimika mchimwene wake pabwalo, ajambule. Kenaka pansi pa mtengo wa mango, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala, ajambulenso. Kenaka madzulo dzuwa litapendeka, litafiira. Ndinamufunsa kuti, "Pa zitatuzi, mchimwene wako ndi uti?" Analoza cha pansi pa mango ndi cha madzulo. Kuyambira tsiku limenelo amakoka anthu pa dzanja kuwapititsa pamthunzi, ngakhale akuluakulu.

Tibwerere ku zithunzi 8 zija. Amene tinakula nthawi ya filimu tikukumbukira akameramani a pa njinga amene ankafika Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi. Filimu inali ya zithunzi 24 kapena 36, munthu unkalipirako theka n'kudikira masabata kuti filimu idzaze, ikatsukidwe. Chifukwa chithunzi chinali chodula, wojambula ankayang'ana kaye asanadinye. Khadi ya lero imanyamula zithunzi masauzande, ndipo mwana mukamusiya amangowombera chilichonse osayang'ana n'komwe. Ndiye ndinamuikira malire: zithunzi khumi pa tsiku. Poyamba anadandaula, zinkatha asanadye kadzutsa. Patapita masabata awiri ndinamuona atanyonyomala pafupi ndi khola, kamera ili m'manja, osadinya, akudikira kuti thadzi litulutse anapiye poyera. Anakhala pamenepo nthawi yoti munthu angaphike tiyi n'kumwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambi umenewu mungamuuze mwana kakhumi osaumva. Kamera inamuphunzitsa popanda ine kulankhula.

Madzulo timakhala pansi, iye n'kusankha zitatu pa khumi zija, n'kundiuza chifukwa chake. Pamenepa ndi pamene makolo ambiri timalakwitsa. Timaona chithunzi chopendekeka, mutu wa munthu wadulidwa, timafulumira kunena kuti walakwitsa. Funsani kaye kuti, "Apa umafuna kundionetsa chiyani?" Tsiku lina anandionetsa chithunzi cha miyendo yokhayokha ya anthu ndi mateyala a njinga pa msika. Ine ndinkaona ngati kamera inamupulumuka. Iye anati, "Atsibweni, ku msika ine ndimaona zimenezi." Ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumugwira dzanja kudutsa naye pa msika umene ine ndi iye sitiuona mofanana. Aphunzitsi ake anandiuzanso kuti wayamba kufotokoza zinthu motalikirapo m'kalasi, ndipo sindikudabwa, pakuti usiku uliwonse amayenera kupeza mawu oikira kumbuyo chimene wasankha.

Koma zonsezi n'zachabe ngati mwana sanaphunzire odi. Palibe Mchewa kapena Mngoni amene amalowa pakhomo pa mwini osaodira, ndipo nkhope ya munthu ndi khomo lake. Kamera isanayatsidwe, mwana apereke moni, afunse kuti, "Ndingakujambuleniko?" Akakana, anene zikomo, achoke, osanyinyirika, osajambula mobisa. Akavomera, akatha awaonetse chithunzicho, ndipo akanena kuti fufuta, afufute iwo akuona. Lamulo limeneli ndi la aliyense: amayi ogulitsa tomato, mnyamata wa njinga yonyamula anthu, ngakhale mng'ono wake wa zaka 4. Ngati ndikudandaula kuti alendo amajambula ana athu ngati akujambula mbawala, sindingalere mwana wochita zomwezo kwa anansi ake.

Palinso malo amene kamera imakhala m'sokosi mwake. Pamaliro mwana sajambula. Munthu wodwala, woledzera, wogwa khunyu, wamisala, munthu amene akusamba kapena kuvala, sajambulidwa, ngakhale anzake onse akuseka. Ngozi ya pa msewu sajambula, ndipo apa akuluakulufe ndi amene tiyenera kuchita manyazi, chifukwa masiku ano munthu amamva za imfa ya m'bale wake poona chithunzi cha mtembo pa Facebook. Malo a asilikali, apolisi ndi pa chipata cha m'malire cha Mwami sajambula. Za miyambo ndiye zimafuna wamkulu pafupi. Ku Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, Gule Wamkulu amavina pabwalo poyera, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Koma kuzindikiridwa kumeneko sikunatsegule dambwe. Gule wokumana naye panjira kumudzi si wothamangira ndi kamera, ndipo za m'tsimba la anamwali si za kamera konse. Mwana adziwe kuti pali zinthu zimene munthu amaziona ndi maso n'kuzisunga mumtima, ndipo kuti kusajambula nakonso ndi mbali ya luso.

Makolofe tili ndi odi wathu woti tiodire kwa mwanayo. Zithunzi zake ndi zake. Musazitenge n'kuziponya pa intaneti kuti anzanu akuyamikireni musanamufunse iye ndiponso anthu ali m'zithunzimo, makamaka ngati ndi ana a eni. Facebook ndi TikTok okha amati munthu asatsegule akaunti asanakwane zaka 13, ndiye palibe chothamangira. Chithunzi cha mwana atavala yunifomu yoonetsa dzina la sukulu, ataima pa geti la nyumba, chimauza mlendo aliyense kumene angamupeze.

M'malo mwa intaneti, tsukitsani. Ichi ndicho chinthu chimodzi chimene ndingapemphe aliyense kuti asachidumphe. Kamodzi pa mwezi timatenga khadi kupita ku situdiyo m'tauni, iye n'kusankha zithunzi zisanu. Amalipira yekha pa kauntala ndi ndalama imene ndamupatsa, amalandira yekha envelopu. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse amalemba tsiku, malo ndi amene ali pamenepo, m'Chinyanja, ndi zilembo zake zokhotakhota. Chithunzi cha pa sikirini chimafa ndi foni, chimapita ndi wakuba, chimafufutidwa kuti papezeke malo. Cha pa pepala chimakhala m'Baibulo, m'sutikesi, pa khoma, ndipo chimadutsa m'manja mwa anthu amene alibe foni. Akajambula munthu wa pafupi, timatsukitsa ziwiri, chimodzi n'kukamupatsa mwini wake. Amayi ena ogulitsa makala pa njira yathu atalandira chawo anachiyang'ana, n'kuchiyang'ananso, n'kuchimanga pa nsonga ya chitenje pamene amamanga ndalama.

Kamera ija inagwadi. Inali miyezi itatu chiigulireni, mwanayo anapunthwa pa sitepe, chingwe anali ataiwala kukoleka. Kachitseko ka mabatire kanathyoka. Anabwera akunjenjemera, misozi ili chuchuchu, akuyembekeza mkwapulo. Pamenepo ndi pamene ndinathokoza kuti sindinagule yodula, chifukwa ndinatha kumufunsa kaye ngati bondo silinapweteke. Tinamanga kachitsekoko ndi malegeni, ndipo ikujambulabe mpaka lero. Chingwe sanaiwalenso.

Titabwerera kumudzi anatenga chithunzi cha manja chija kukawapatsa ambuya ake. Amayi anachigwira patali, n'kuchibweretsa pafupi, n'kufunsa kuti, "Nanga nkhope yanga waisiya kuti, iwe?" Mwanayo anati, "Ambuya, ndingakujambuleninso?" Anati dikira. Analowa m'nyumba, anatuluka atamanga duku la kutchalitchi, anakhala pa mpando pabwalo, nkhope ataiumitsa ngati ya pa reji ija. Mdzukulu wawo anawagwira dzanja, kuwadzutsa, kukoka mpando mpaka pansi pa mtengo wa mango. Kenaka ananyonyomala patsogolo pawo, kamera ya malegeni ili pa maso, osadinya. Anadikira, nadikirabe, mpaka amayi analephera kupirira n'kuphulika nako kuseka.